Wotchi Yoyenda ndi Musi

Lachitatu lapitali, pakhonde la sitolo ya Che Bwanali pa Manjawira, wotchi yakufa inadzuka ife tikuona.

Ndisanafike pa chozizwitsacho ndiyambe ndakuuzani za khondelo, pakuti ambiri a inu mumangolidutsa muli m'basi, maso ali pa anyamata a chimanga chootcha. Pakhondepo pamakhala amuna atatu odwala nthenda imodzi. Nthendayo ilibe dzina kuchipatala, koma azimayi athu anaitcha kale misala ya mawotchi.

Woyamba ndi mwini sitolo, Che Bwanali. Amagulitsa sopo, mchere, nsalu ndi parafini, koma pansi pa kauntala ali ndi kabokosi kamatabwa koyalamo nsalu yobiriwira, ndipo zimene zimagona m'menemo sizigulitsidwa ngakhale mutabwera ndi ng'ombe. Mawotchi awo onse ndi opukusa. M'mawa uliwonse akachokera kumzikiti amawatulutsa imodziimodzi, n'kumapukusa kamutu kali pambali paja, maso atatsinzina.

"Wotchi ndi mbuzi," amatero. "Ukafuna ikutumikire, uziidyetsa ndi dzanja lako m'mawa uliwonse. Ikafa ndi njala, mlandu ndi wako."

Wachiwiri ndi a Nyoni, mkulu wa kuno kwathu amene unyamata wake wonse unathera m'migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi chifuwa, chipewa cha nthenga ndi mawotchi odziyendera. Mawotchi amenewa safuna kupukusa. M'kati mwake muli kachitsulo kolendewera kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, ndipo kuzungulira kumeneko ndiko chakudya chake. Ukaivula n'kuigoneka patebulo, imayenda tsiku limodzi kapena awiri, kenako zii. N'chifukwa chake a Nyoni amavala awiri, ina kumanja ina kumanzere, ndipo akamalankhula amakupiza manja ngati akuingitsa nkhuku pa mphale. Alendo amayesa akalipa. Ayi ndithu, amakhala akudyetsa mawotchi.

"Wotchi yeniyeni imadya thukuta la mwini wake," amatero iwo. "Waulesi sangaisunge. Za Che Bwanalizi ndi za anthu okhala pansi."

Wachitatu ndine, mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo nthenda yanga ndiye yoseketsa kuposa onse. Ine ndimasonkhanitsa mawotchi akufa. Osweka galasi, odyedwa ndi dzimbiri, othothoka muvi, onse ndimawalandira, ndipo amagona m'chitini cha mabisiketi chimene mayi a kunyumba anachitcha manda. Chimene ndimawakondera ndi chimodzi: wotchi iliyonse yakufa inaima pa nthawi yake. Ndikaiyang'ana ndimayamba kulota ndili maso. Iyi inaima m'mawa; kodi mwini wake anali akusamba, kapena anali pa njinga kuthamangira sitima ku Balaka? Iyo inaima masana. Kodi kunali kuchita mitambo? Kodi alipo amene anazindikira?

Pamkono ndimavala ya batire, yolemba manambala, imene mphwanga anandigulira ku Blantyre. Pa iyi yokha ndi pamene Che Bwanali ndi a Nyoni amagwirizana. Amati ilibe mtima. Uiike pakhutu, sumva kanthu, ngati mwala.

Mkangano wathu sukutha ndipo sitifuna kuti uthe. Wailesi ya boma ikati ilengeze nthawi, tonse maso pamkono, ndipo sipanapezeke tsiku limene mawotchi athu anavomerezana. A Nyoni tsiku lina anafuula kuti, "Wailesi yachedwa!" Kenako anacheuka uku ndi uku, n'kuwonjezera motsitsa mawu kuti, "Ndikunena wotchi ya mnyamata wowerengayo." Munthu wamkulu amadziwa nkhani zotafuna ndi nkhani zomeza. Za mawotchi ndi zotafuna, ungathe kukangana nazo mokweza dzuwa mpaka kupendeka, n'kukagona tulo tabwino.

Ndiye Lachitatu lija tinali m'kati mwa zomwezo. Kunali kotentha, msewu ukuchita ngati uli ndi madzi patali, agalu atagona pansi pa ngolo. Inaima lole ya thonje yochokera kuchigwa, ndipo pamwamba pa mabelo panatsika mayi wachikulire, wochepa thupi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anafunsa kanthu kwa ogulitsa tomato, iwo n'kuloza kwa ife. Anafika, nagwada kumapeto kwa khonde, naomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, azibambo? Ine ndine Nangozo, ndachokera ku Kasinje. Akuti kuno kuli anthu odziwa matenda a wotchi."

Che Bwanali anawatulutsira mpando, koma iwo anakana, nakhala pa simenti miyendo atatambasula. Anamasula mfundo ya kansalu. Munali khadi la chipani lopindika m'makona, ndi kachitini ka tiyi kakalekale kofufuta utoto. Kachitiniko sanakatsegule. Anakaika pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake, nayamba kufotokoza.

Amuna awo, a Filimoni, adapita ku Joni mwana wawo wamkazi akali kumsana. Lero mwanayo ali ndi wake kumsana. Zaka zoyamba kunkabwera bulangete, nsalu, mawu. Kenako mnzawo wina wobwerera kumudzi, amene pano ndi malemu, adafika ndi wotchi yachimuna yolemera, ya lamba wachitsulo, pamodzi ndi uthenga wapakamwa. Uthengawo unali wakuti: wotchi iyi siifuna kupukusa, imadziyendera yokha. Ikamagunda, Nangozo adziwe kuti mtima wanga ukugunda.

"Kuchokera pamenepo, zii," anatero mayiwo. "Anzawo onse anabwerako, ena ndi masutukesi, ena m'mabokosi. Iwo ayi. Abale awo akhala akundiuza kuti mlamu, munthu uja anatchona, mwina anafa kale, tiyeni tiphike mowa timulire, tikusudzuleni mukhale mfulu. Ine ndimakana. Ndimati mukalire ndani, munthu ndikumumva m'chitinimu?"

Anasisita kachitini kaja.

"Koma mwezi wathawu yaima. Ndatsegula m'mawa, zii. Mawa lake, zii. Alamu anga amva, ndipo chimera aviika kale. Ndiye ndati ndisanamete, ndikafunse kwa odziwa. Mundiuze, azibambo: yafa ndi wotchi, kapena afa ndi a Filimoni?"

Abale anga, ine ndakhala ndikufunsidwa mafunso ndi ana a sukulu moyo wanga wonse, ena ovuta zedi, koma lotere sindinafunsidwepo. A Nyoni manja aja anagwa pamawondo.

"Tatsegulani tione, mayi," anatero Che Bwanali.

Anatsegula. Munali kansanza koyera. Anakafunyulula pang'onopang'ono, ndipo asanamalize, tonse tinaona kamuvi kowonda kaja kakuyenda, kakuzungulira bwinobwino ngati palibe chinachitika.

Mayi aja anakuwa. Anaiika pakhutu, naichotsa, naiikanso. Misozi inatsika ikulemba mizere m'fumbi la kumaso.

"Ali moyo! Mayo ine, ali moyo! Anangodwala eti? A Filimoni inu, mwandiopsezeranji chonchi?"

Ogulitsa tomato anathamangira kudzaona. Wina anayamba kululuta. Ine tsitsi linandiimirira, ndipo sindinama, kwa kamphindi ndinakhulupirira nawo. Ndinamuona m'maganizo mwanga mkulu wina wa imvi kutali uko, akudzuka pa bedi lachitsulo, akutsokomola, akufunafuna nsapato ndi phazi.

Koma a Nyoni sankaseka. Anapempha wotchiyo, naitembenuza, nayang'anitsitsa m'mipata ya lamba. Anakanda ndi chikhadabo, ndipo panagwa tinthu toyera.

"Mayi, wotchi iyi yadya gaga. Mumaivala?"

ANangozo anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, manyazi ngati namwali.

"Pagulu ayi, bambo. Mkazi n'kuvala chiwotchi chachimuna, anthu angati chiyani? Ndimaivala ndikakhala ndekha kuseri kwa nyumba, pa mtondo. Posinja m'pamene ndimawakumbuka kwambiri, ndiye ndimati tikhale awiri. Ndikamaliza ndimaipukuta n'kuibwezera m'chitini."

"Mumasinja kawirikawiri?"

"Aa, ine ndiye mtondo ndi munda wanga. Ndimakonolera ophika mowa, ndimatibulira odwala, mwana ndamulerera musi. Tsiku losasinja linali Lamulungu lokha."

"Siinaimepo chiyambire?"

"Kamodzi, chaka chimene ndinagona ndi malungo. Ndinati nawonso adwala kumeneko. Nditadzuka n'kubwerera pa mtondo, nayonso inadzuka. Tinachirira limodzi."

"Nanga masiku ano mukusinjabe?"

"Ayi. Kwathu kwabwera chigayo. Mwana wanga wandilanda musi, akuti amayi mwakalamba, msana wanu upume."

Tinayang'anana atatufe. Wotchi inkayenda ndi musi. Chigayo chitabwera inagona ndi njala, ndipo lero yadzutsidwa ndi mabampu a msewu wa kuchigwa, pamwamba pa lole ya thonje.

Mkazi wa Che Bwanali anatuluka nawatenga mayiwo kuti akamwe madzi kuseri ndi kusukusula. Anapita akuseka okha, wotchi ataisiya m'manja mwa a Nyoni. Ndipo pakhonde paja panabuka mkangano umene sitinauchitepo, wonong'ona.

Che Bwanali anati tisawauze. "Munthu wabwera akulira, akubwerera akuseka. Ife ndife yani kuti timulande? Tingowauza kuti wotchi imafuna kuvalidwa tsiku lililonse, basi. Iziyenda, nawo aziyenda."

A Nyoni anapukusa mutu. "Ndiye kuti tawamangirira pa chikomo mpaka imfa. Mayi awa akana kusudzulidwa chifukwa cha kachitsulo. Ine ku Joni ndakhalako, Che Bwanali. Mawu ngati amene aja tinkawalankhula tonse, titakhuta mowa Loweruka, tikufuna kuti kumudzi azitiyesa anthu. Mwina mwini wake anaiwala mawa lake lomwe kuti ananena chiyani."

"Nanga ngati ali moyo?"

"Nanga ngati anafa kalekale?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine, ati aphunzitsi weruzani. Ine wosunga manda a mawotchi ndiweruze za wotchi yamoyo? Ndinangoti chimene ndikuopa n'chakuti tikakhala chete, wotchi ikabwerera m'chitini, mkucha iimanso, ndipo mayiwa adzalira maliro achiwiri a munthu mmodzi.

Pamene tinali kudikira kuti atuluke, maganizo anga anauluka, monga amachitira.

Kodi m'boma lathu lino la Ntcheu muli zitini zingati zotere? Pitani ku Mlangeni, lowani m'nyumba za kumapiri kuja. Mupeza jasi lolemera lopachikidwa pa msomali, limene mwini wake adati adzalivala akadzabwera, ndipo mayi wina amalitulutsa padzuwa chaka ndi chaka kuti njenjete zisalidye. Mupeza galamafoni yopanda singano. Mupeza njinga yomangidwa kudenga, matayala ataphwa, ana akuletsedwa kuikhudza chifukwa ndi ya bambo. Bambo ake ati? Amene mwanayo sanawaonepo nkhope.

Ife amuna timadziwa kusiya zinthu. Timasiya chipewa, timasiya mawu okoma, timasiya mimba. Tikatero timakwera basi mtima uli mbee, poganiza kuti tasiya chotiimirira. Sitifunsa kuti chinthucho chizidya chiyani ife kulibe. Jasi limafuna wolitulutsa padzuwa. Dzina la munthu limafuna wolitchula pakhomo madzulo, apo ayi ana amaliiwala. Zonsezi zili ndi wozidyetsa, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene sitinamugulire ngakhale mpango.

Ndipo ife a pakhonde, amene timadzitcha okonda mawotchi, timakangana chiyani kwenikweni? Che Bwanali akamapukusa m'mawa, ndimaona kuti pali imodzi imene amaichedwerapo, yaing'ono yofiirira, imene inali ya bambo awo. A Nyoni ya kumanzere ija sanagule. Inali ya mnzawo amene thanthwe linamugwera pansi pa mgodi, ndipo chikhalirecho sanailole kuti iime. Timanamizira kukangana za zitsulo ndi masipuling'i chifukwa amuna sitidziwa kunena kuti ndamusowa munthu. N'chapafupi kunena kuti wotchi yako ikuchedwa.

Ndinamva chisoni, abale anga, chisoni chenicheni, ndipo sindinadziwe kuti ndikumvera yani.

ANangozo anatuluka atasukusula, nkhope ikuwala. Anakhalanso pa simenti paja natambasula dzanja kuti alandire chuma chawo. A Nyoni sanawapatse. Anayang'ana Che Bwanali, ndipo Che Bwanali anapuma mozama, nalowa m'sitolo, natuluka ndi kachitsulo kawo kotsegulira. Ndi iwo omwe aja ankati tisanene, koma ndi iwo amene anatsegula kumbuyo kwa wotchiyo ndi manja awo.

"Mayi, tasenderani muone m'mimba mwake."

Anasendera. M'katimo munali timawilo tonyezimira, ndipo pamwamba pake kachitsulo kooneka ngati mwezi wogamphuka pakati.

"Taipendeketsani," anatero a Nyoni.

Anaipendeketsa, kachitsulo kaja n'kutsetsereka kuzungulira. Anaibweza, n'kubwereranso.

"Kameneko ndiye kamadyetsa wotchi. Mkono ukakwera, kamazungulira. Mkono ukatsika, kamazungulira. Mukamasinja kamadya mpaka kukhuta. Mutasiya kusinja kanagona ndi njala. Lero kadya mabampu a lole."

Mayi aja anapendeketsanso, nabweza. Anapendeketsanso. Kenako anakweza dzanja lonse m'mwamba n'kulitsitsa, monga achitira munthu ndi musi, maso ali pa kachitsuloko. Kanazungulira kawiri konse.

Ngakhale ogulitsa tomato anabwerera m'malo mwawo mwakachetechete.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero motsitsa, "ndinali ine?"

"Munali inu, mayi," anatero a Nyoni.

"Chaka cha malungo chija?"

"Munadwala nokha. Munachiranso nokha."

Ndinayembekeza kulira, ndipo Che Bwanali anali atayamba kale kuyang'ana kumbali. Koma mayiwo anaseka kaphwete kamodzi kouma, kotulukira m'mphuno, n'kugwira chibwano.

"Ha! Ine kumawauza nkhani zonse za pamudzi, kumawafunsa ngati adya, kani ndikucheza ndi mkono wanga womwe."

Kenako anafunsa funso lomwe anabwera nalo lija, koma tsopano mawu anali ena. "Nanga a Filimoni? Ali moyo kapena ayi?"

"Wotchi siikudziwa, mayi," anayankha a Nyoni. "Siinadziwepo. Nafenso sitikudziwa."

Mayiwo anagwedeza mutu nthawi yaitali. Che Bwanali anatseka wotchi ija, naipukuta ndi nsalu yawo yobiriwira, ndipo mwaulemu anati ngati ikhala yowawa kuiona, angathe kuisunga m'kabokosi kawo pamodzi ndi zinzake, mayiwo n'kumadzaizonda akafuna. Ndikudziwa kuti ananena ndi mtima wabwino, ngakhale sindingalumbire kuti diso la wosonkhanitsa silinaphethire pang'ono, pakuti inali wotchi yokongola zedi.

"Zikomo bambo, koma ayi," anatero aNangozo. "M'kabokosi ikadya chiyani? Yazolowera gaga iyi."

Anatambasula mkono wamanja, wowonda, wa mitsempha yotupa ngati mizu ya chinangwa.

"Ndimangeni. Pano pomwe, anthu akuona."

A Nyoni anagwada, munthu wa chifuwa chake, nawamanga. Lamba anali wamkulu, wotchi inkatsetsereka mpaka pachigongono, ndiye Che Bwanali anachotsako timfundo tingapo mpaka inakhala bwino.

"Alamu anga aphike mowa wawo," anatero mayiwo akuitembenuzatembenuza padzuwa. "Ndimeta. Andisudzule. Koma akadzati katundu wa malemu abwerere kwawo, iyi asaiwerengere. Mbuzi ndi ya amene wakhala akuidyetsa."

Che Bwanali anamwetulira, chifukwa mwambi wa mbuziwo anauzindikira kuti ndi wa kwawo.

Panatsala chinthu chimodzi. Wotchi inkagunda, koma mivi inali kuloza nthawi yakeyake, ya kum'bandakucha dzuwa lili paliwombo. Mayiwo anati iwo sanaphunzire kuwerenga mivi, zaka zonsezi ankangomvera kugunda, koma mdzukulu wawo akadzakula adzawaphunzitsa. Ndiye anapempha kuti tiitchere.

"Munditcherere nthawi ya kuno," anatero. "Ya ku Joni ndatopa nayo."

A Nyoni, pokhala munthu wosalola cholakwika pa nkhani ya mawotchi, sanathe kudzigwira. "Mayi, nthawi ya ku Joni ndi ya kuno ndi imodzi. Ikakwana sikisi kuno, kumenekonso ndi sikisi."

ANangozo anawayang'ana mwachifundo, ngati mmene ndimayang'anira mwana amene wayankha molimba mtima koma walakwa.

"Ayi, bambo, si imodzi. Kukanakhala kuti kumenekonso kumada ngati kuno, bwenzi munthu uja atabwera kudzagona kwawo."

A Nyoni anavula chipewa cha nthenga chija nachiika pabondo.

Tinayang'ana pamikono yathu, ndipo monga mwa masiku onse mawotchi anatiuza zosiyana. Tsiku lina lililonse pakanabuka nkhondo. Lachitatu lija Che Bwanali anangoti, "Tcherani ndi yanu ya kumanzereyo, a Nyoni," ndipo a Nyoni anatchera.

Mayiwo anaomba m'manja, natithokoza mmodzimmodzi, napinda khadi lawo m'kansalu. Kachitini ka tiyi kaja anakayang'ana, n'kukakankhira kwa ine.

"Akuti inu mumasunga zakufa. Sungani ako."

Lole yobwerera kuchigwa inapezeka dzuwa litapendeka. Anyamata anawakweza kumbuyo, nakhala pa thumba la mchere. Pamene inkanyamuka anatikwezera dzanja kutsazika, ndipo sanalitsitse msanga. Tinaona kuwala kwa galasi kukuphethira m'fumbi mpaka lole inakhota.

"Akuidyetsa," anatero a Nyoni, osayang'ana aliyense.

Kachitini kaja kali pano patebulo pamene ndikulemba. Mulibe kanthu koma kansanza koyera ndi fungo la gaga. Mayi a kunyumba anandipeza ndikukaika pakhutu, ndipo anandifunsa ngati misala yanga yafika pomvera zitini zopanda kanthu. Ndinawafotokozera nkhani yonse. Sanaseke. Anangotola mbale zawo, ndipo ali pakhomo anati, "Mwadabwa chiyani? Mumayesa nyumba ino imayenda ndi batire?"

Sindikudziwa ngati tinachita bwino kuwauza aNangozo. Che Bwanali akuti mpaka lero mtima wawo sunakhazikike. A Nyoni akuti mowa ukadzapsa ku Kasinje adzapita, ngakhale sanaitanidwe, kukamulira mnzawo amene sanamuonepo.

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu abambo amene munasiya jasi pa msomali kwinakwake n'kumati kumudzi zonse zikuyenda: zikuyendadi. Koma munayamba mwafunsapo kuti zikuyenda ndi mkono wa yani?